Fani si imene ikukutherani mayunitsi

Mayi a ku Nchalo, mwafunsa kuti chiyambireni kutentha mayunitsi a ESCOM akutha msanga, ndiye mukuganiza zomazimitsa fani usiku. Chonde musatero, ana azigona bwino. Yunitsi imodzi ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi. Fani yoimika pansi imadya mawati 50 kapena 60 basi, moti itazungulira maola 10 siimaliza ngakhale yunitsi imodzi.

Yambani mwaona firiji. Kuno kuchigwa mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i kompuresa, injini yoziziritsa firijiyo, imangolira osapuma. Firijiyo isunthireni kuchipinda chozizirirako, kutali ndi zenera ndi mbaula, ndipo kumbuyo kwake musiye mpata wa masentimita 10 kuti mpweya wotentha uzituluka. Tizitsulo takumbuyoto tikakutidwa ndi fumbi, firiji imalephera kutaya kutentha, izimitseni n'kupukuta. Kenako panitsani pepala pachitseko. Likasololoka mosavuta, labala ya pachitsekopo yatha, kuzizira kukuthawa usana ndi usiku. Labala ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi mayunitsi amene ikukutayitsani. Ayezi akakula kuposa theka la sentimita msungunuleni, koma osatokosa ndi mpeni, mungaboole paipi ya gasi. Ngati mumagulitsa madzi ozizira, lowetsani mabotolo madzulo kamodzi, osati kumatsegula pafupipafupi dzuwa lili paliwombo.

China ndi chilichonse chotenthetsa. Hotipuleti ya mawati 1,500 ikayaka mwamphamvu maola atatu kuphika nyemba, yadya mayunitsi opitirira anayi. Nyemba ndi nandolo wouma viikani usiku wonse, phikani mutavundikira, m'poto wa pansi posalala wokwana bwino pambalepo. Zikawira chepetsani moto. Zovala sitani zonse tsiku limodzi. Mababu akale a mawati 60 chotsani, ikani a LED a mawati 9.

Mayunitsi akamathabe msanga, yesani izi: zimitsani zonse, zulani mapulagi onse, muyang'ane kagetsi kofiira ka pamita. Kakamaphethirabe, magetsi akutayika penapake. Nyumba zimene zinalowedwapo madzi osefukira zimakhala ndi mawaya ndi masoketi owola mkati, komanso pamalo a lendi waya wina ukhoza kukhala ukupita kwa aneba. Pamenepo itanani wamagetsi wa chiphaso. Musatsegule mita nokha, ndi mlandu komanso mukhoza kufa nazo.

Magetsi akathima zulani firiji, akabwera dikirani mphindi zisanu musanailumikizenso, kompuresa ingapse.