Chidindo cha NEASC pa kalata ya fizi: n'cha yani?

Mayi ena a ku Lilongwe andilembera imelo. Akufuna kulembetsa mwana pa sukulu ina ya pulayiveti, ndipo m'munsi mwa kalata ya fizi apezamo mawu oti sukuluyo ndi yovomerezeka ndi NEASC. Akufunsa kuti: "Kodi limeneli ndi boma la America? Nanga sukulu ya kuno likuidziwa bwanji?"

Si boma ayi, mayi. Dzina lonse ndi New England Association of Schools and Colleges, bungwe la masukulu eni ake lomwe linayamba mu 1885 kumpoto chakum'mawa kwa America, dera la Massachusetts, Connecticut, Maine ndi anzake atatu.

Chinalibereka ndi chisokonezo. Masiku amenewo koleji iliyonse inali ndi mayeso akeake olowera. Tangoganizani mphunzitsi ali ndi anyamata atatu m'kalasi imodzi, wina akufuna Harvard, wina Yale, wina Dartmouth, ndipo aliyense afunsidwa mabuku ena a Chilatini ndi Chigiriki. Ayambire pati? Ndiye akuluakulu a masukulu ndi a makoleji, mmodzi mwa iwo Charles W. Eliot wa ku Harvard, anakhala pansi kuti amvane chimodzi. Zoyendera masukulu n'kuwapatsa chivomerezo zinabwera mochedwa, m'ma 1950. Mu 2018 nthambi ya mayunivesite inapatuka, koma masukulu a boma, a pulayiveti ndi a m'mayiko ena anatsalira ku NEASC.

Chivomerezocho sachipeza tsiku limodzi. Sukulu imayamba yadzifufuza yokha miyezi yambiri, n'kulemba lipoti la zomwe ikuchita bwino ndi zomwe zikuivuta. Kenako kumabwera gulu la aphunzitsi ndi mahedi ochokera m'masukulu ena. Amakhala kumbuyo kwa kalasi kumvera phunziro, amacheza ndi ana ndi makolo, amasuzumira m'mabuku a ndalama, amafunsanso mmene ana amatetezedwera ku nkhanza. Gawo limeneli ndiye ndimalikhulupirira, chifukwa mphunzitsi mnzako sungamunamize ndi penti watsopano pa geti.

Komatu chidindochi sichilowa m'malo mwa chilolezo cha Unduna wa Zamaphunziro, ndipo sichikulonjezani kuti mwana akhoza mayeso. Chimathanso ntchito ngati sukulu siyenderedwanso.

Musanalipire, mayi, lowani pa webusaiti ya NEASC muone ngati dzina la sukuluyo lilipodi. Mukapita ku ofesi, afunseni ahedi chaka chomwe oyenderawo anabwera komaliza, ndi zomwe anawauza kuti akonze.