Kumudzi ndinkadya kawiri, kuno njala siyitha. Ndadwala kodi?

Funso: Anamwino, ndine mayi wa zaka 38. Kwathu ndi ku Dedza, koma tsopano ndimasoka zovala pamsika wina ku Area 25. Kumudzi tinkadya masana ndi madzulo basi, chonsecho ndinkalima mpaka dzuwa lifike pamutu. Kuno ndimangokhala pamakina, koma ikangokwana 10 koloko m'mimba mwayamba kulira. Tiyi ndi mandasi m'mawa, masana nsima, 4 koloko tchipisi, usiku nsimanso. Madiresi ayamba kuthina. Kodi ndi matenda?

Yankho: Achemwali, ndiyambe ndi kukufunsani: nsima ya ku Dedza ija inali ya ufa wanji? Ndikukhulupirira kuti kawirikawiri unali mgaiwa, ndiwo zake nyemba, khobwe kapena nkhwani wotendera. Ufa woyera umene timaukonda m'tauni muno, chimanga chake chimakonoledwa, gaga n'kupita kwa nkhuku, kenako n'kuviikidwa m'madzi masiku angapo. Chotsalacho thupi limagaya msangamsanga. Shuga amakwera m'magazi mofulumira, n'kutsikanso mofulumira, ndipo akatsika mumamva ngati simunadye kanthu. Mandasi ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga amachitanso chimodzimodzi. Mgaiwa ndi nyemba zimakhalitsa m'mimba, n'chifukwa chake munkatha kugwira khasu maola ambiri osaganiza za chakudya.

Komabe sindikufuna kukometsa za kumudzi mopitirira. Ndagwira ntchito m'zipatala za kumidzi zaka zambiri, ndipo ndinkaona kuti kuyambira Januwale mpaka Malichi mabanja ambiri amadya kamodzi chifukwa nkhokwe yauma, osati chifukwa akhuta. Ana ofooka amene tinkawapatsa likuni phala sindinawaiwale. Ndiye kudya kawirikawiri pakokha si tchimo.

Chachiwiri ndi maso ndi mphuno. Kumunda kunalibe mnyamata wokazinga tchipisi pafupi nanu, ndipo m'thumba munalibe ndalama ya kasitomala amene wangolipira kumene. Fungo la mafuta lokha limadzutsa chilakolako cha kudya ngakhale m'mimba muli chakudya. Thupi limaphunziranso wotchi. M'mimba mumatuluka mahomoni otchedwa ghrelin, amene amauza ubongo kuti nthawi yakudya yakwana, ndipo amakwera pa maola amene mwawazoloweza. Mukagula tchipisi 4 koloko kwa milungu ingapo, ikamakwana 4 koloko njala imabwera yokha, ngati mwana wodziwa nthawi yoweruka.

Tulo nato tili ndi mbali yake, ndipo apa ndikukuganizirani inu atelala makamaka. Sukulu zikamatsegulidwa mu Seputembala, kapena Khirisimasi ikayandikira, mumasoka mpaka pakati pa usiku. Munthu akagona maola ochepa, ghrelin uja amachuluka, ndipo tsiku lotsatira mtima umafuna zotsekemera ndi zamafuta. Takumbukirani ngati njalayi siyikula nthawi ya mayunifolomu.

Nanga mutani? Musalumphe chakudya cha m'mawa, mungochisintha. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mbatata yophika, futali kapena dzira lowiritsa zingakufikitseni masana bwinobwino. Shuga wa mu tiyi muchepetse pang'onopang'ono, supuni imodzi sabata iliyonse; bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati ndi bwino kwambiri kusapitirira masupuni aang'ono 6 pa tsiku lonse. Masana onjezerani ndiwo, masamba ndi usipa kapena nyemba, n'kuchotsako mtanda umodzi. Idyani mosathamanga, poti uthenga woti mwakhuta umatenga mphindi ngati 20 kuti ufike ku ubongo. Ambiri tinakula tikudya mbale imodzi ndi abale athu, wochedwa n'kutsala ndi msuzi, ndipo dzanja linazolowera liwiro limenelo mpaka lero. Pa njala ya 4 koloko ija, nyamulani mtedza wokazinga kapena nthochi kuchokera kunyumba.

Pali chimodzi chimene sindikufuna muchinyalanyaze. Ngati njalayi ikubwera pamodzi ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi makamaka usiku, kutopa, kapena maso kuona mwachimbuuzi mukamalowetsa ulusi pasingano, pitani kuchipatala sabata ino akakuyezeni shuga. Amangobaya chala, zotsatira n'kutuluka nthawi yomweyo. Akakuyezeninso BP, poti mwanena kuti thupi likukwera.