Za mtsikana wathu ndi ulendo wa ku Geneva

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva. Ndaona kuti ndikati ndilembe zala zitopa, ndiye ndingoyankhula. Alamu ngati ali pafupi aitaneni amvere limodzi, chifukwa ndikudziwa kuti funsoli ndi la nonse awiri. Mwati mtsikana wathuyu wabwera ndi nkhani yoti akufuna kufunsira malo ku CERN, akakhaleko miyezi iwiri, ndipo akuti ulendo ndi chakudya alipira eni akewo. Ndiye mukufunsa kuti kodi si zachinyengo zimenezi, nanga sukulu yake ku MUBAS itani, nanga mwana wamkazi yekhayekha kudziko la eni akakhala bwanji.

Mantha anuwo mpake. Tonse tinamva za atsikana athu amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito yabwino, n'kukalandidwa mapasipoti atangofika. Ndiye munthu ukamva zoti "tilipira zonse", mtima umagunda. Koma izi n'zina, achemwali. CERN ndi bungwe la kafukufuku la maiko a ku Ulaya, linayamba mu 1954, ndipo lili kunja pang'ono kwa mzinda wa Geneva, pamalire penipeni pa Switzerland ndi France. Pansi pa nthaka, mamita pafupifupi 100, pali njira yozungulira yotalika makilomita 27. M'menemo amathamangitsa tizidutswa tochepa kuposa atomu n'kumatiwombanitsa, kuti aone zimene zituluke, monga mwana amaswera wailesi kuti aone amene akuyankhula m'katimo. Mu 2012 anapeza kanthu kotchedwa Higgs boson, komwe akatswiri anakalosera m'zaka za m'ma 1960. Ndipo mawebusaiti amene timatsegula pafoniwa anayambira komweko, mu 1989, ndi munthu wina wa kuno ku Britain, Tim Berners-Lee. Ndiye malowo ndi enieni, ndipo pulogalamu yolandira ophunzira a m'mayunivesite nyengo yotentha ya kumeneko akhala akuichita kwa zaka zambiri.

Chizindikiro chake n'chosavuta. Pulogalamu yeniyeni sikulipiritsa kuti ufunsire malo, ndipo sidutsa mwa munthu wapakati. Mwanayo amalemba yekha pa webusaiti yawo, mayankho amabwera pa imelo kwa iye mwini, pasipoti imakhala m'chikwama mwake. Akangotulukira wina pa WhatsApp n'kumati tumizani kangachepe pa Mpamba kapena pa Airtel Money ndikukankhireni dzina, ameneyo ndi mbava, musamuyankhe n'komwe.

Komano musayambe kugwira nkhuku ya kutsanzikana. Malo ambiri amapita kwa ana a maiko amene ali mamembala, amene amasonkha ndalama zoyendetsera bungwelo. Malawi si membala. Alipo malo a ana a maiko ena onse, koma ndi ochepa, ndipo akulimbirana ndi anzake a ku Egypt ndi maiko ena, konsekonse. Alembe ndithu, koma akapanda kutengedwa musamuone ngati walephera.

Zimene amafuna ndi izi. Pofika nthawi yopitayo akhale atamaliza zaka zitatu pa yunivesite, m'maphunziro a fizikisi, uinjiniya, kompyuta kapena masamu. Iye ali chaka chachitatu cha zamagetsi, ndiye zikugwirizana. Kulemba kumatsekedwa chakumapeto kwa Januwale, kupita kumakhala pakati pa Juni ndi Seputembala, kwa masabata 8, ena mpaka 13. Amapereka ndalama ya tsiku ndi tsiku yoti alipire pogona ndi kudya, ndi inshuwalansi ya chipatala.

Tsono apa ndiyankhule ndi mwini wake, ndikudziwa uli pagulu pano ukungowerenga mwakachetechete. Iwe, chimene chimagwetsa ana athu ambiri ndi makalata a aphunzitsi. Kalata yongoti mwanayu ndi waulemu, sajomba, amakhoza bwino, kumeneko saiwerenga kawiri, chifukwa aliyense wolemba amakhoza bwino. Amafuna mphunzitsi amene anganene kuti mtsikanayu anapanga chakutichakuti ndi manja ake, chinakanika apa, anachikonza motere. Ndiye upite kwa aphunzitsi awiri amene akukudziwa ntchito yako, osati amene ali ndi udindo waukulu basi. Upite msanga, mu Novembala, osati kutatsala masiku atatu. Uwapatse CV yako, uwakumbutse kamakina kopopera madzi ndi dzuwa kaja munapanga ndi anzako. Kameneko usakachepetse. Ulembe kuti unagwiritsa ntchito chiyani, chinavuta n'chiyani, unayeza bwanji kuti kakugwira. Ndipo kuyambira lero uziphunzira Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, ndi Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, tsiku lililonse, ngakhale kwa ola limodzi, chifukwa kumeneko ngakhale wa zamagetsi amakhalira pa kompyuta.

Ntchito yakeyo, achemwali, musaganize kuti akapeza chinthu chatsopano n'kutuluka pa BBC. Masabata oyambirira m'mawa amakhala m'kalasi, akatswiri akuwaphunzitsa. Masana amapita kwa womuyang'anira, amene amamupatsa kachigawo kakang'ono ka ntchito yaikulu. Mwina kuyeza timabolodi ta magetsi kamodzikamodzi, mwina kulemba pulogalamu yowerenga manambala ochokera ku makina aakulu aja, ATLAS kapena CMS. Pomaliza amalemba lipoti. Anthu amaganiza kuti kumeneko n'kwa a fizikisi okha, koma mwa olembedwa ntchito ndi bungwelo, mainjiniya ndi amisiri ndiwo ambiri. Maginito a m'njira yapansi ija amawaziziritsa mpaka madigiri 271 pansi pa ziro, ndipo kuti zimenezo zitheke pamafunika anthu odziwa magetsi, mapaipi, mawaya, zonsezo. Ndiye wa zamagetsi sakakhala mlendo.

Koma chimene ine ndikufunira kuti apite si makinawo kwenikweni. Miyezi iwiri siisandutsa munthu katswiri. Chimene chimasintha ndi kagwiridwe ka ntchito ndi anthu. Ine kuno ndimalandira ophunzira kuntchito kwathu nyengo yotentha, ndipo ndimaona. Mwana woleredwa bwino kwathu, wamkulu akamayankhula amayang'ana pansi, amati "inde", safunsa kawiri, satsutsa. Kunyumba ndi khalidwe labwino limenelo, ndipo inu mwalera bwino. Koma mu labotale, ukangoti "inde" womuyang'anirayo amatenga kuti wamva, amachoka, akubwera Lachisanu kudzaona zotsatira. Mwana uja sabata yonse wakhala akuvutika yekha, akuopa kukagogoda pachitseko kuti angaoneke mbuli. Pamene mnzake wa ku Netherlands kapena ku Germany tsiku loyamba lomwelo wanena kale kuti "sindinamve, bwerezani", mwinanso wauza pulofesa wa imvi kuti "apa ndikuona ngati mwalakwitsa." Pulofesayo osakwiya, akutenga choko, akuyang'ananso pabolodi. Tsiku lina amapezeka kuti analakwitsadi, n'kuthokoza.

Zimenezi munthu sungaziphunzire m'buku, uyenera kuziona ndi maso zikuchitika, kenako n'kuyesa wekha mawu akunjenjemera. Amaitanana maina oyamba, ngakhale munthu wa msinkhu wa agogo ake. Poyamba lilime limakana, ndipo palibe vuto kuyamba ndi ulemu wonse mpaka mwini wake atanena kuti ingonditchula dzina. Chinanso, chinthu chikakanika kapena wachiwotcha, umanena tsiku lomwelo, umalemba m'kabuku ka ntchito kuti ndinachita izi, chinachitika ichi. Kubisa ndiye mlandu waukulu, kuposa kuwononga. Ndipo msonkhano wa 9 koloko ndi wa 9 koloko, anthu amakhala atakhala kale pampando. Mwana amene wazolowera zinthu zitatuzi, kufunsa, kunena zoona za ntchito yake, ndi kusunga nthawi, akabwera kumudzi amakhala injiniya wina, kaya akagwira ku ESCOM, kaya ku kampani ya shuga, kaya ayambitsa yakeyake.

Sindikunena kuti akataye zakwathu ayi. Moni wathu uja akamusunge. Ku Geneva ndi ku France ukalowa m'sitolo osanena "bonjour" amakuona ngati wamwano, ndiye apo mwana wa ku Malawi savutika. Ndipo ana athu ali ndi luso limene anzawo ambiri alibe, lokonza chinthu ndi zochepa zimene zilipo, osadikira kuti agule chatsopano. Komanso asapite ngati wongolandira. Pa chakudya chamasana amakhala tebulo limodzi ndi ana a maiko osiyanasiyana, ndipo adzamufunsa kuti kwanu magetsi mumawatenga kuti. Adziwe kufotokoza kuti ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Adziwe kunena kuti namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, komanso kuti tsopano kuli minda ya sola ku Salima ndi ku Golomoti. Kwa mwana wa ku Switzerland amene sanaonepo magetsi atazima tsiku lonse, imeneyo ndi nkhani ya uinjiniya yeniyeni, adzamvetsera kukamwa kuli yasa.

Za kakhalidwe ka tsiku ndi tsiku, mwachidule. Pali nyumba zogona alendo mkati mwa mpanda wa CERN momwemo, ena amagona tsidya la France, pa kamzinda kotchedwa Saint-Genis-Pouilly, n'kumapalasa njinga. Geneva ndi umodzi mwa mizinda yodula kwambiri padziko lonse, ndiye aziphika yekha, ndipo zakudya azigula mbali ya France kumene mitengo ili yotsikirapo. Lamulungu masitolo ambiri amatseka. Ikakwana 10 koloko usiku phokoso ayi. Zinyalala amasankhula, mabotolo pawokha, mapepala pawokha. Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku, ndiye masiku oyamba tulo timasokonekera. Ndipo inu a Mvano mukondwe, Geneva ndi mzinda wa John Calvin, amene mpingo wathu wa CCAP umatsata chiphunzitso chake. Tchalitchi chimene ankalalikiramo, St Pierre, chilipobe, akhoza kukakujambulirani. Mapemphero a m'Chingerezi aliponso mumzindamo, sakasowa kopemphera.

Za kukhala yekha mwana wamkazi, sindinganene kuti kulibe anthu oipa, ali paliponse. Koma akakhala pakati pa ophunzira anzake ambiri, atsikana ali momwemo, ali ndi womuyang'anira wodziwika dzina ndi ofesi, ndipo bungwelo lili ndi malamulo a khalidwe ndi kokadandaula wina akamuvutitsa. Kusungulumwa ndiye kudzakhalapo, makamaka sabata yachiwiri chisangalalo chikatha. Muzimuimbira, koma osati katatu patsiku mpaka alephere kupita kokacheza ndi anzake.

Za sukulu, apa ndiye pofunika kusamala. Kalendala ya mayunivesite athu nthawi zambiri sigwirizana ndi ya ku Ulaya, ndiye miyezi imeneyo ikhoza kugwera pakati pa semesita kapena pa mayeso. Apite kwa mkulu wa dipatimenti yake asanalembe n'komwe, afotokoze, afunse ngati ulendowu ungawerengedwe ngati atachimenti yake. Chilichonse chimene agwirizane chikhale cholembedwa pa pepala, chosainidwa. Asanyamuke ndi lonjezo la pakamwa. Digiri ndiye yoyamba, ndipo ngati kupita kukutanthauza kubwereza chaka, ine ndingati adikire, adzalembe chaka chinacho, popeza uinjiniya ndi wa zaka zisanu mpata ulipobe.

Asaike mtima pa khomo limodzi lokha. Ku Japan, pa chilumba cha Okinawa, kuli yunivesite ya OIST, amaphunzitsa m'Chingerezi, amalandira ophunzira a dziko lililonse kwa miyezi ingapo, ndipo amalipira ndege ndi pogona. Ku Saudi Arabia kuli yunivesite ya KAUST, m'mbali mwa Nyanja Yofiira, nawonso ali ndi pulogalamu yotere. Mu Africa momwemo muli African School of Physics, inayamba mu 2010 ku South Africa, imachitika zaka ziwiri zilizonse m'maiko osiyanasiyana, yafikako ku Ghana, Senegal, Rwanda, Namibia. Akamaliza digiri kuli AIMS, sukulu ya maphunziro apamwamba a masamu, imene inayamba ku Cape Town mu 2003. Ina ija ya ku Germany yotchedwa RISE asataye nayo nthawi, imatenga ophunzira a m'mayunivesite a ku America, Canada, Britain ndi Ireland okha. Imeneyo ikuyenera mnyamata wa achimwene amene akuphunzira kunoyu, ndimuuza.

Alamu, ndikudziwa funso lanu ngakhale simunalinene, loti kodi abwerako. Viza yake ndi ya nthawi yochepa, ndipo amamutenga chifukwa choti ndi wophunzira amene akubwerera kukamaliza sukulu. Abwera. Zoti m'tsogolo adzafuna kukachita masters kunja, zimenezo n'zotheka ndithu, ndipo kalata ya womuyang'anira wa ku CERN ndi imene ingamutsegulire njira ya sikolashipu. Tidzakambirana nthawi yake ikafika.

Pakadali pano muyang'ane pasipoti yake. Maiko a Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya momwe mulinso Switzerland ndi France, amafuna kuti ikhale ndi miyezi itatu yotsala kuchokera tsiku limene akutuluka m'dzikomo, ndiye ngati ili pafupi kutha kapena alibe n'komwe, ayambe kuyendera panopa, osadikira yankho. Iwe, unditumizire CV ndi transcript yako pofika Lamulungu, ndi ndime imodzi yofotokoza kamakina ka madzi kaja, tidzaikonze limodzi pa foni madzulo. Achemwali, mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala a miyendo aja ndatumiza ndi munthu amene akubwera sabata yamawa.