Ana a m'tauni akapita kwa agogo kumene kuli ziweto

Mayi wina wa ku Lilongwe wandilembera pa imelo kufunsa ngati n'koyenera kulola ana ake awiri, wa zaka 3 ndi wa zaka 5, kusewera ndi ziweto akapita kukacheza kwa agogo awo ku Dedza pa tchuthi cha Khirisimasi. Akuti anawo sanaionepo mbuzi pafupi, ndipo akuda nkhawa kuti angavulale kapena kudwala.

Mayi, aloleni anawo, koma mudziwe kumene kuli ngozi yeniyeni. Makolo ambiri amaopa nyanga ndi ziboda, chonsecho chimene chimadwalitsa ana kawirikawiri ndi dzanja limene lagwira mwanapiye kenako n'kulowa m'kamwa. M'zitosi za nkhuku ndi m'ndowe mumakhala tizilombo monga salmonella ndi E. coli, toyambitsa kutsekula m'mimba, ndipo chiweto chikhoza kukhala nato ngakhale chikuoneka chathanzi. Ana osakwana zaka 5 ndiwo amadwala nato kwambiri, choncho wamng'onoyo muzimusambitsa nokha m'manja ndi sopo akangochoka kukhola, asanagwire chimanga chootcha kapena mango amene agogo amusungira. Ngati pakhomopo pali mpondagiya, ntchitoyi yaphweka. Asapsompsone anapiye, ndipo asayende opanda nsapato pafupi ndi khola la nkhumba.

Tsiku loyamba anawo atsogoleredwe ndi agogo kapena msuweni amene amadyetsa ziwetozo, chifukwa iwowo ndiwo amadziwa mbuzi yofatsa ndi tonde wokonda kugunda. Ayambire pa kuwaza madeya kwa nkhuku, kapena kupatsa kamwana ka mbuzi masamba atatambasula chikhatho. Wa zaka 5 akafuna kunyamula mwanapiye, akhale pansi kaye ndi kumufungatira ndi manja awiri osamufinya, koma thadzi likhale litatsekeredwa, pakuti nkhuku ya anapiye imalumphira kumaso. N'chimodzimodzi ng'ombe yoyamwitsa thole ndi nkhumba ya ana: zimenezi aziziona ali kunja kwa khola. Kumbukiraninso kuti mu Disembala mbuzi zambiri zimakhala zomangidwa kuti zisadye mbewu, ndipo mbuzi ikadzidzimuka chingwe chake chimakola miyendo ya mwana n'kumugwetsa.

Pa nkhani ya agalu pokha sindinyengerera. M'Malawi chiwewe chikadalipo, ambiri amene chimawapha amachitenga kwa agalu, ndipo zizindikiro zikangoyamba kuoneka munthu sapulumuka. Musanapite, funsani ngati galu wa pakhomopo analandira katemera. Kufunsako kungamveke ngati chipongwe kwa apongozi, koma kukhumudwa kwawo n'kwa tsiku limodzi. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, ngakhale ndi kagalu kakang'ono, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Anawo muwauziretu kuti simudzawakalipira akaulula, chifukwa mwana woopa chikwapu amabisa bala.

Ngati agogo amakama ng'ombe, anawo adzafuna kulawa mkaka ukadali wofunda kuchokera m'ndowa. Aonerere kukamako, ndipo wamkuluyo akhoza kugwirizira ndowa ali pambali pa wokama, osati kumbuyo kwa ng'ombe. Mkakawo uyambe wawiritsidwa, chifukwa wosawiritsa umatha kupatsira chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi matenda ena.