A Tembo, Girmay sanamubere, onani mzere wa nthawi

A Tembo, funso lanu ndinaliona usiku, koma malaiti anali atapita ndipo foni inali pafupi kuzima. Mwati mwana wanu Dalitso walowerera m'mipikisano ya njinga, wakuonetsani zotsatira za Tour de France ya 2024 ndipo mutu wakuimani: Biniam Girmay wa ku Eritrea anapambana masiku atatu, koma pamndandanda womaliza dzina lake lili kumunsi kwenikweni. Mukufunsa ngati anamubera, komanso mpikisano woti muyambire kuutsatira pamodzi ndi mnyamatayo. Palibe anamubera. Kawerengedwe kake ndiko kamasokoneza, inenso kanandizunguza chaka chathunthu.

Mukudziwa kabuku ka ngongole ka pa kantemba. Lero mwatenga shuga, mawa sopo, mwini kantemba akungolemba, pakutha pa mwezi n'kuwonkhetsa. Mpikisanowu umayendanso choncho, kungoti cholembedwacho ndi nthawi. Pali masiku 21 otchova m'masabata atatu, ndi masiku awiri opuma. Tsiku lililonse ndi mpikisano paokha, wokhala ndi wopambana wake amene amalandira maluwa ndi kujambulidwa. Koma nthawi imene munthu aliyense watenga imalembedwa, n'kuwonjezedwa pa ya dzulo ndi ya dzana, ndipo safufuta. Amene ngongole yake ya nthawi ili yochepa kuposa onse ndiye amavala jezi yachikasu, ndipo akafika nayo tsiku lomaliza ndiye mwini mpikisano.

Tsono nkhani ya Girmay yagona apa. Anthu akafika pamzere womalizira ali chigulu chimodzi, onse amapatsidwa nthawi yofanana, woyamba ndi wa nambala 90 chimodzimodzi. Masiku amene Girmay anapambana, kuyambira la mumzinda wa Turin ku Italy, anali a msewu wopanda mapiri aakulu, pomwe chigulu chimafika pamodzi ndipo aliwiro amalimbirana mamita omaliza. Tadej Pogačar, mwini jezi yachikasu chaka chimenecho, anali momwemo m'chigulumo, phee, osadzivutitsa. Wopambana tsikulo amamuchotserako masekondi 10 ngati basela, wachiwiri 6, wachitatu 4. Ndiye masiku atatu aja anamupindulira Girmay masekondi 30 okha m'kabuku. Kenako kunabwera mapiri a Pyrenees ndi Alps, kumene munthu wathupi la liwiro amataya theka la ola tsiku limodzi lokha. Wonkhetsani nokha. Pogačar anatenga mpikisano wonse atasiya Jonas Vingegaard ndi mphindi 6 ndi masekondi 17, pomwe aliwiro anali maola kumbuyo.

Ndipo Girmayyo sanapite ku France kukafuna yachikasu. Anapitira yobiriwira, imene amawerengera mapointi a malo amene wafikira pamzere, osati nthawi, ndipo anabwera nayo kwawo, munthu woyamba wa mu Africa kuitenga. Chaka chomwecho Mark Cavendish anapambana tsiku lake la nambala 35 mu Tour de France, kuposa 34 ya Eddy Merckx imene inakhala zaka zambiri osafikiridwa, koma pamndandanda wonse anamaliza wotsiriza weniweni, ndipo anthu anamuombera m'manja. Mbali inayo, Chris Froome, wobadwira ku Nairobi uja, anatenga yachikasu mu 2017 osapambana tsiku ndi limodzi lomwe. Ankangoonetsetsa kuti tsiku lililonse ngongole yake isakule. Majezi ena awiri musavutike nawo kwambiri: yamadontho ofiira ndi ya wotola mapointi pamwamba pa mapiri, yoyera ndi ya wachinyamata wosapitirira zaka 25 amene ali patsogolo pa nthawi. Yamadontho ija Daniel Teklehaimanot, wa ku Eritrea yemwenso, anaivalako masiku angapo mu 2015.

Ndiye mukatsegula zotsatira madzulo, mupeza mindandanda iwiri, wa tsikulo ndi wa masiku onse. Wa tsikulo ungokuuzani amene wasangalala lero. Pitani pa wachiwiriwo, ndipo maso anu asakhale pa nambala ya malo koma pa mzere wakumanja, pomwe pali kachizindikiro kowonjezera ndi mphindi. Wachiwiri amene watsala ndi masekondi 20 ndi wachiwiri amene watsala ndi mphindi 5 ndi anthu osiyana kutalitali. Woyambayo akumununkhiza mnzake kumsana, winayo akungodikira kuti mwina mnzakeyo agwa kapena adwala. Mukatero funsani kuti kwatsala masiku angati a mapiri, nanga latsala tsiku lolimbana ndi wotchi, lija aliyense amanyamuka yekhayekha popanda womubisa kumphepo. Tsiku limenelo ndi loopsa. Mu 2020 Primož Roglič analowa nalo ali patsogolo ndi masekondi 57, kutatsala tsiku limodzi kuti afike ku Paris, Pogačar n'kumulanda jezi pa chitunda cha La Planche des Belles Filles. Mu 1989 Greg LeMond anali kumbuyo kwa Laurent Fignon ndi masekondi 50 m'mawa wa tsiku lomaliza, madzulo ake anapambana ndi masekondi 8. Masabata atatu a thukuta, n'kusiyana ndi nthawi yomangira chingwe cha nsapato.

China chimene Dalitso adzakufunsani, ndipo muyenera kukhala ndi yankho, n'chakuti chifukwa chiyani munthu amatsogolera chigulu maola atatu, kenako n'kupatuka kumbali osalimbiranso. Yankho lake ndi mphepo. Aliyense amene anatchovapo kulowera ku Chongwe mu Ogasiti, mphepo ikuwomba kumaso pa Great East Road, akudziwa kuti kukhala kumbuyo kwa mnzako kumapepuza miyendo. Anyamata onyamula matumba a malasha m'mawa nawonso mumawaona atandondozana. Timu iliyonse ili ndi anthu asanu ndi atatu, koma kawirikawiri wofunika afike bwino ndi mmodzi. Enawo ndi antchito ake. Amamutchinga kumphepo, amabwerera kugalimoto kukamutengera madzi, ndipo njinga yake ikaphulika tayala pamalo oipa amamupatsa yawo n'kutsala chiimire pamsewu. Munthu wa nambala 80 pamndandanda angakhale ndiye wagwira ntchito yoposa onse tsikulo. Ichi zotsatira sizinena, muyenera kuchiona ndi maso.

Za poyambira, ine ndinganene mosazengereza: Tour du Rwanda. Imachitika mu Febuluwale, ndi ya masiku asanu ndi atatu okha, ndiye kabuku kake n'kosavuta kukasunga m'mutu. Mapiri ali paliponse, kotero mndandanda umagwedezeka pafupifupi tsiku lililonse, simudikira sabata kuti muone kusintha. Muli kachitunda ka miyala mumzinda kotchedwa Mur de Kigali, komwe anthu amadzaza ngati kwabwera pulezidenti. Ndipo mayina ake ndi a anthu akuda ngati ife, zimene kwa mwana si nkhani yaing'ono. Valens Ndayisenga wa ku Rwanda komweko anapambana mu 2014 ndi 2016, Joseph Areruya mu 2017, Samuel Mugisha mu 2018, kenako a ku Eritrea anaulanda: Merhawi Kudus mu 2019, Natnael Tesfatsion mu 2020 ndi 2022, Henok Mulubrhan mu 2023. Zidule zake mumazipeza pa YouTube ndi Facebook, bandulo yaing'ono ikwana. Kigali yomweyo ndi imene inachititsa mpikisano wa dziko lonse lapansi mu Seputembala 2025, koyamba mu Africa, Pogačar n'kupambananso. Koma umenewo ndi wa tsiku limodzi, wofika woyamba watenga, kabuku kulibe, ndiye musausakanize ndi zimene tikukambazi.

Mukazolowera, Julayi akupezani okonzeka. Giro d'Italia ya mu Meyi, ya jezi yapinki, ndi Vuelta a España ya jezi yofiira, zonse ndi za masabata atatu, koma chaka choyamba musadzilemetse nazo. Tour de France ili ndi mwayi umodzi kwa ife: mu Julayi wotchi ya ku France ndi ya kuno zimafanana, ndipo masiku ambiri amafika pamzere cha m'ma 17 hours, anthu tikuweruka. SuperSport imaonetsa. Koma ndikupempheni, musakhale pansi kuyambira masana. Tsiku limodzi amatchova mtunda wonga kuchoka mu Lusaka kupitirira Kabwe, nthawi zina mpaka Kapiri, ndipo mpikisano wonse uli ngati kupita ku Chipata ndi kubwerako katatu. Maola oyambirira mudzangoona minda ya mphesa ndi matchalitchi akale, mudzagona pampando, mwana n'kumakusekani. M'mawa yang'anani chithunzi cha njira ya tsikulo. Chikakhala chathyathyathya, mphindi 20 zomaliza zakwana. Chikakhala ngati mano a sowo ndipo chathera pamwamba pa phiri, limenelo ndi tsiku lotsanzika msanga kuntchito.

Sankhaninso munthu mmodzi aliyense, inu wanu, Dalitso wake, muzimutsata kaya zikumuyendera kaya ayi. Popanda zimenezo mudzangoona zipewa zikudutsa. Koma zibetchera za ndalama zisalowepo. Mpikisano umene munthu angatsogolere masabata awiri n'kuterereka pa kona imodzi mvula ikugwa si woikapo ndalama ya unga.

Mnyamatayo akayamba kufufuza zakale adzapeza kuti kuyambira 1999 mpaka 2005 palibe dzina la wopambana. Musamubisire. Lance Armstrong anapambana zaka zisanu ndi ziwiri zimenezo, koma mu 2012 anamulanda zonse chifukwa cha mankhwala oletsedwa owonjezera mphamvu, ndipo malowo anangowasiya opanda munthu. Adzakupemphaninso njinga yopyapyala matayala, zimenezo yembekezerani. Ayambe ndi yomwe ili pakhomo, mumugulire chipewa choteteza mutu, ndipo mupite naye cha ku Leopards Hill pa Sondo m'mawa magalimoto asanachuluke.

Febuluwale akayandikira mundikumbutse, mubwere naye kuno ku Chilenje tidzaonere limodzi tsiku loyamba. Abwere ndi kope la masamu ndi bolopeni, alembe mayina khumi oyamba ndi nthawi zawo, mawa lake aziwonkhetsa yekha asanaone zimene alemba pa intaneti.