Za sowo zopinda, ndi makatoni amene anatsala pang'ono kundigwetsa

Achimwene, mwandifunsa mmene malonda oitanitsa sowo zopinda kuchokera kunja amayendera, ndiponso kuti yabwino yotengulira mitengo ndi kugwiritsa ntchito kutchire ndi iti. Ndikuyankhani, ngakhale kuti ine zimenezi palibe anandiuza, ndinachita kuzigula ndi mpamba wanga.

Kuno ku Salima ogula anga ambiri ndi alimi a mango, ndipo munthu akafuna sowo ya nthambi zaziwisi ndimampatsa ya mano akuluakulu otalikirana, chifukwa ya mano ang'onoang'ono imadzaza utuchi wonyowa n'kuyamba kukakamira. Ya mano ang'onoang'onoyo ndi ya mtengo wouma, ndipo osema ziboliboli ku Senga Bay ndiwo amaifuna. Sowo yotchedwa Bahco Laplander ili ndi mano 7 pa inchi imodzi ndipo imapirira nkhanza za m'manja mwa aganyu. Silky ya ku Japan, monga Gomboy ya mamilimita 240, imadula mosalala kwambiri, koma imadula pokoka, ndiye munthu wozolowera kukankha ndi mphamvu amaipinda n'kuithyola tsiku lomwelo. Wogula wotere amabwerera kwa inu ali wokwiya, choncho muzimuonetsa kadulidwe kake asanachoke. Mano a sowo zambiri zotere anaumitsidwa moti tupa sagwira, ndipo akabuntha mumasintha chitsulo chonse. Wamalonda amene saoda zitsulo zosinthira sanayambe malonda.

Ine ndikagwira sowo ndimayamba ndi loko, kachitsulo kogwira sowo kuti isapindike yokha podula, ndimaitsegula n'kuigwedeza pafupi ndi khutu, ndipo ikalira pa bawuti ndimaibweza pompo. Ndakhala ndikuoda katundu ku Dar es Salaam ndi ku Johannesburg kwa zaka zambiri, ndipo masiku ano palibe wogulitsa angandinamize, koma mu 2023 ndinapusitsidwa ngati mwana. Munthu wina wapakati anandionetsa sowo imodzi yeniyeni ya ku Japan, ndinadula nayo thabwa pamaso pake, mtima unakhala pansi, ndipo ndinalipira makatoni asanu ndi limodzi osawatsegula chifukwa basi inali pafupi kunyamuka. Ndalamazo mbali ina inali ya banki m'khonde ya akazi anga, ina ndinatenga katapira.

Pa chipata china cha m'malire, chimene sinditchula, wogwira ntchito wina anakana malisiti anga, nati mtengo ndaulemba wotsika, ndipo anawerengera msonkho pa mtengo wa m'mutu mwake. Katundu anakhala masiku anayi, ine ndikugona pakhonde la sitolo chikwama ndatsamira, iye akundidutsa m'mawa uliwonse osandiyang'ana, kudikira kuti ndimupatse kangachepe. Sindinamupatse, ndipo mpaka lero ndikakumbukira nkhope yake mtima umandiwawa, chifukwa munthu amene amalandira malipiro mwezi ndi mwezi sadziwa kuti tsiku limodzi la katapira ndi chiyani. Ndinalipira msonkho wonse, msonkho wa sowo zenizeni.

Nditafika kunyumba ndinatsegula katoni yoyamba pansi pa mtengo wa mango, ndipo dzina pa chigwiriro linali lomwelo, koma chitsulo chinali chofewa moti ndinachipinda ndi zala ziwiri. Mlimi wina wa ku Khombedza anagula imodzi ndisanaganize zoletsa, ndipo loko inamasuka ali pamwamba pa mtengo, sowo n'kumupindikira pa zala. Anabwera dzanja atalimanga ndi chitenje, magazi akuonekera, ndipo sanandikalipire, anangoiika sowoyo patebulo langa. Ndinamulipirira kuchipatala ndipo zotsalazo sindinagulitsenso ngakhale imodzi. Mu November chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndiye kandalama kamene ndinatsala nako sikanathenso kuoda ngakhale theka la katundu wakale. Ndinagulitsa njinga yamoto kuti akazi anga asachite manyazi pagulu lawo.

Ngati mukufunabe kulowa, tsegulani katoni iliyonse wogulitsa ali pomwepo, tengani sowo ya pansi penipeni ndipo mudule nayo mtengo, basi ikusiyeni ngati ikusiyani. Makatoni aja akadali m'chipinda chosungira chimanga, ndipo mukadzafika ku Salima ndidzakupatsani sowo imodzi kuti mupinde chitsulo chake nokha ndi zala zanu.