Ndevu zikabwerera m'khungu

Achimwene ena a ku Ngabu anditumizira imelo sabata yatha. Akuti ndi mlonda, abwana awo safuna kuona ndevu, ndiye amameta ndi lezala m'mawa uliwonse. Pano pansi pa chibwano padzaza tiziphuphu toyabwa, tina tamafinya, ndipo sipiliti sakuthandiza. Akufunsa ngati ndi vuto la magazi.

Achimwene, magazi alibe mlandu. Tsitsi lathu anthu akuda ndi lopotana. Lezala likadula pafupi kwambiri ndi khungu, kansonga kotsalako kamakhala kakuthwa ngati munga, ndipo pomera kamapindika n'kubaya khungu lomwelo, mwinanso kumerera mkati osatuluka n'komwe. Thupi limakayesa mdani, ndiye pamatupa. Madokotala amati pseudofolliculitis barbae. Tengani galasi muime padzuwa, mukaona katsitsi kopindika ngati mbedza pakati pa kachiphuphuko.

Kwathu kuno ku Chigwa cha Shire zimanyanya. Mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, thukuta n'kumatsikira pamene mwameta, kolala ya yunifomu ikupakwecha. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje madzi ake ndi amchere, sopo sachita thovu bwino, choncho munthu amangopala khungu louma ngati akupala chinangwa.

Mankhwala enieni ndi kulipumitsa khungu: milungu 3 kapena 4 osameta, tsitsi lituluke lokha. Ndikudziwa, abwana anu sangavomere. Apempheni kuti muzimeta ndi mashini, musiye ndevu za milimita imodzi yokha. Munthu akaima patali saziona, koma sizithanso kubwerera mkati. Akavuta, kalata ya kuchipatala imawafewetsa.

Ngati lezala simungalisiye, metani mukangosamba. Ikani kansalu konyowa ndi madzi ofunda kwa mphindi zisanu, pakani thovu lokwanira, ndipo lezala liziyenda kutsata kumene ndevu zagonera, kamodzi kokha pamalo. Musakoke khungu. Ine ndinkameta mokweza kuti pasalale ngati pa mwana, ndipo madontho akuda a nthawi imeneyo ndikadali nawo pakhosi. Lezala lobuntha litayeni, musabwerekenso la mnzanu, poti matenda a chiwindi a hepatitis B ndi HIV zimayenda m'magazi.

Za sipiliti: kuwawa kuja timati ndiye mankhwala akugwira, pamene akungoumitsa khungu. Malo ake ndi pa mano a mashini a wometa, osati pankhope panu. Mukameta tsukani ndi madzi ozizira, mupake mafuta opanda fungo pang'ono chabe. Kuyabwa kukachuluka, mankhwala opaka a hydrocortisone wa 1% a ku famase amathandiza, koma kwa masiku ochepa. Mafuta oyeretsa khungu ogulitsa pamsika aja musawayandikire ngakhale akulonjezeni kuti achotsa madontho. Ambiri muli mankhwala amphamvu opyapyalitsa khungu. Osafinya, osazula.

Tamafinya mwatchulato n'tomwe tandidetsa nkhawa. Mwina mwalowa tizilombo, ndipo pakamatentha, kupweteka kapena kufalikira, pitani kuchipatala cha Ngabu akakuoneni. Pemphaninso munthu akuyang'aneni kunkhongo. Ngati kumenekonso kwayamba timabampu tolimba, muuzeni wometa asiye kudula mzere ndi lezala, ndipo mukawaonetse adokotala tsiku lomwelo, chifukwa timeneto tikakula timasanduka chipsera chotupa pomwe tsitsi silimeranso.